Kagalimoto ka limoti kakayamba chibwibwi, musafulumire kutaya mota

Alamu anga amene amagwira ntchito ku Joni anabwera pa Khirisimasi ndi katoni imene ana a m'dera lathu ku Ndirande akuikambabe mpaka lero. Munali kagalimoto ka limoti, kotalika ngati mkono wa munthu wamkulu kuchokera pachigongono kufika kunsonga za zala, matayala ake a mano ngati a thirakitala. Kakatsika pabwalo, ana oyendetsa galimoto za mawaya ankasiya zawo n'kumakathamangira pambuyo. Kanathamanga dzinja lonse, m'matope ndi m'zithaphwi, kanathamanganso mvula itatha fumbi litayamba. Mwezi wa July uli pakati, mwana wa mchemwali wanga anafika kwathu atakakumbatira pachifuwa.

"Amalume, galimoto yadwala."

Nthenda yake inali yodabwitsa. Ukakoka batani la liwiro pa limoti, kagalimotoko kankanjenjemera, kusuntha pang'ono, kubwerera, kwinaku kakulira tche-tche-tche ngati munthu wachibwibwi amene mawu amukanirira pakhosi. Koma ukakakankha pang'ono ndi phazi, kankanyamuka n'kuthamanga ngati palibe chimene chachitika. Akuluakulu onse amene anakaona anagamula mlandu mofanana: mota yapsa, auzeni bambo ake atumize ina.

Chigamulo chimenechi ndi chimene chatayitsa timagalimoto tambiri kudzala. Anthu amene amasewera ndi kupikisana ndi galimoto zotere, ku Japan, ku America kapena ku South Africa, vutoli amalitcha cogging, ndipo amadziwa kuti nthawi zambiri mota imangonamiziridwa. Imachita chibwibwi chifukwa magetsi kapena uthenga umene ikulandira ukudukaduka. Wolakwa amakhala batire, pulagi, waya kapena magiya, zinthu zimene wokonza mawailesi ndi mafoni mumsika angathe kuzikonza m'mawa umodzi.

Ine ndinakatengera kwa mkulu wina wokonza mawailesi. Chimene chinandikhazika mtima pansi n'chakuti mota sanaikhudze n'komwe poyamba. Anawerenga mawaya otuluka kumbuyo kwake, napeza atatu, kenako anapempha batire.

Kuwerenga mawaya kumeneko kuli ndi chifukwa chake. Mota za timagalimotozi zilipo za mitundu iwiri. Yakale ndi ya mawaya awiri. M'kati mwake muli timakala tiwiri, timene amisiri amati mabulashi, tokhudza kachitsulo ka kopa kozungulira. Magetsi amadzera pa mabulashiwo kulowa m'makoyilo, ndipo mota imadzisinthira yokha njira ya magetsi pamene ikuzungulira. Yatsopano, yotchedwa brushless, ilibe mabulashi. Makoyilo ake ndi okhazikika kukhoma la mota, chozungulira ndi maginito ali pakati. Imene imasankha koyilo yoti ipatsidwe magetsi, ndiponso nthawi yake, ndi kabokosi kotchedwa ESC, kamene kamakhala pakati pa batire ndi mota. Kamayatsa ndi kuzimitsa makoyilo atatuwo motsatizana, kambirimbiri pa sekondi imodzi, kuti maginito azithamangira koyilo yotsatira.

Chibwibwi chimabadwira pamenepa. Kuti ESC iyatse koyilo yoyenera, iyenera kudziwa pamene maginito afika. Mota zambiri zotsika mtengo zilibe diso loonera zimenezi. ESC imadalira timagetsi timene mota imabweza yokha maginito akamadutsa pa koyilo yomwe yazimitsidwa. Mota ikamathamanga, timagetsito timakhala tamphamvu ndipo ESC imatimva bwino. Ikaima, palibe chobwerera. ESC imangoyerekeza, ngati munthu wopapasa khomo mumdima: iyatsa koyilo iyi, maginito akana, iyatsa ina. Ndiye chifukwa chake kukankha ndi phazi kunkathandiza. Matayala akangozungulira, mota inkayamba kubweza timagetsi tija ndipo ESC inkapeza njira.

Choncho kunjenjemera pang'ono ponyamuka, makamaka pamtunda kapena mu udzu, ndi chibadwa cha mota yotere, ndipo si nthenda. Ofuna kunyamuka kosalala amagula mota yokhala ndi masensa atatu m'kati, amene amamva maginito pogwiritsa ntchito nzeru imene Edwin Hall anatulukira ku Baltimore mu 1879. Mota zimenezo zili ndi kachingwe kena ka timawaya tisanu ndi kamodzi kopita ku ESC, ndipo kachingweko kakathothoka kapena kakaduka m'kati, nazonso zimachita chibwibwi kapena kukana kunyamuka. Kathu kanalibe masensa, koma kwa miyezi isanu ndi umodzi kankanyamuka bwino. Chinachake chinali chitasintha.

Batire ndiye poyambira, chifukwa kuliyeza n'kosavuta ndipo limalakwa kawirikawiri. Lathu linali la LiPo la maselo awiri. Selo imodzi ya LiPo ikadzaza imakhala ndi mavoti 4.2, kutanthauza 8.4 pa batire lonse, ngakhale pachikuto amalemba 7.4. ESC zambiri zili ndi mlonda amene amadula kapena kuchepetsa mphamvu selo ikatsikira pafupi ndi mavoti 3, kuti batire lisawonongeke. Batire lokalamba limapusitsa: pa mita yoyezera magetsi limaonetsa kuti ndi lodzaza, koma mota ikangopempha mphamvu zonyamukira, mavoti amagwa, mlonda adula, mavoti akwera, mota iyesanso, mlonda adulanso. Kwa woonera kunja, chimenecho n'chibwibwi chenicheni. Mmisiriyo anayeza selo iliyonse payokha, kenako anasiya mita ili pomwepo n'kundiuza kuti ndikoke batani la liwiro matayala atagwiridwa pang'ono. Mavoti anatsika pang'ono chabe. Batire linapulumuka mlandu.

Pali cholakwika china chimene eni ake amadzipangira okha. ESC ili ndi malo osankhira mtundu wa batire. Wina akaika batire la NiMH la mavoti 7.2 koma ESC ikuganiza kuti ndi LiPo, mlonda uja amadula msanga batire likadali ndi mphamvu. Kusankha mosemphanitsa n'koipa kwambiri, chifukwa LiPo imayamwidwa mpaka kuwonongeka.

Atachoka pa batire, mmisiri uja anayamba kutsatira njira ya magetsi ndi zala, pulagi ndi pulagi. Apa ndi pamene ndinaona kuti ntchitoyi imafuna kuleza mtima kuposa zida. Kagalimoto kakang'ono kotere kamakoka magetsi ambiri ponyamuka, maampeya makumi angapo, ndipo pulagi yolowa mogwedera imakhala ngati mpopi wofinyidwa. Pulagi yoyera ya pulasitiki imene anthu amaitcha ya Tamiya, potengera kampani ya ku Shizuoka ku Japan imene inatulutsa kagalimoto kake koyamba ka limoti, Porsche 934, mu 1976, inkakwanira mota zofatsa za nthawi imeneyo. Pa mota zamphamvu za lero imatentha n'kuyamba kugwedera, n'chifukwa chake ambiri amaichotsa n'kuwotcherera ya Deans kapena ya XT60. Pulagi imene yasintha mtundu, yada kapena yasungunuka m'mbali, yadziulula kale.

Pathu vuto linali pa umodzi wa mawaya atatu a mota. Kunja unkaoneka wabwinobwino, wokutidwa ndi kapulasitiki kake. Mmisiriyo ataugwedeza, mota inasiya chibwibwi kwa kamphindi, n'kuyambiranso. Anang'amba kapulasitikiko ndi lezala, ndipo m'kati munali mtovu wotuwa, wosweka, timawaya tambiri titaduka kutsala towerengeka. Kulumpha miyala kwa miyezi yonse ija kunali kutaugwedeza mpaka kuutopetsa. Mota ya makoyilo atatu ikamalandira magetsi okwanira pa awiri okha ili ngati mphika pa mafuwa awiri.

Anadula, kusenda, kuwotcherera mwatsopano mpaka mtovu unawala. Koma sanatipatse pomwepo, ndipo ndimamuyamikira chifukwa cha zimenezo. Anamasula mota n'kuikankhira kumbali kuti giya yake yaing'ono isakhudze giya yaikulu, kenako anakankha kagalimotoko ndi dzanja pa tebulo. Kanayenda, koma molemera, tayala limodzi lakumbuyo likukhulakhula. Mu bering'i munali mchenga, ndipo pa shafti panali patakulungika ulusi wa thumba la feteleza.

Chilichonse cholemetsa matayala chimakulitsa chibwibwi, popeza mota yopanda masensa imakhala yofooka kwambiri pa nthawi yonyamukayo. Magiya othinana kwambiri amachita chimodzimodzi. Njira yodziwika yowayezera ndi kuika kapepala pakati pa mano a magiya awiriwo, kukankha mota mpaka pepala lipanidwe, kumanga masikuluwu, kenako kuchotsa pepalalo; mpata wotsalawo ndi umene ukufunika. Ena amaika giya yaing'ono ya mano ambiri kapena matayala aakulu pofuna liwiro, ndipo zotsatira zake zili ngati kunyamuka ndi giya yachitatu pa minibasi yodzaza: kugwedezeka, kenako kutentha. Mota imene simungaigwire ndi chala kwa masekondi angapo yatentha mopyola. Kutentha koteroko kumafoola maginito kosabwerera, ndipo maginito ofooka amabweza timagetsi tochepa, chibwibwi n'kukhazikika. Fumbi lathu la m'chilimwe lili ndi choipa chinanso: maginito amakoka tizitsulo ta m'dothi, timene timaunjikana pa mota ndi kulowa m'mabering'i.

Nthawi zina vuto silikhala pa mota kapena pa mawaya ake, limakhala pa uthenga. Mukaona kuti chibwibwi chikubwera pamene mukukhotetsa matayala akutsogolo, kaikirani servo, kamota kamene kamawongolera. Servo ndi risiva, kabokosi kolandira uthenga wa limoti, zimadya magetsi kuchokera ku ESC. Servo ikakakamira kapena ikakhala yadyera, mavoti amatsika, risiva imazima kwa kamphindi n'kuyakanso, ndipo mota imadukiza. Kapasita yolumikiza pa risiva imathandiza, koma servo yokakamira iyenera kukonzedwa. Mabatire a mu limoti nawo amaiwalika kwambiri. Ndipo ngati mwasintha limoti kapena mwana wapotokola timabatani ta pa limoti totchedwa trim, ESC iyenera kuphunzitsidwanso pamene pali pakati, pamene pali liwiro lonse ndi pamene pali buleki. Buku la ESC iliyonse limafotokoza kachitidwe kake, ndipo sizitenga mphindi ziwiri.

Ndikudziwa kuti timagalimoto tambiri m'makomo mwathu si ta mtundu umenewu. Ndi tija ta m'mashopu ndi pakaunjika, ta mabatire a AA, mota ya mawaya awiri, ndipo tina timagwirabe pa 27 MHz ndi kamlongoti kakatali. Tikamadukiza, yambani ndi tisipuling'i ta m'nyumba ya mabatire: dzimbiri ndi madzi otuluka m'mabatire akale zimatseka njira, ndipo kukhula ndi sandipepa kumabweza moyo. Mabatire otchipa opepuka aja amayendetsa wailesi bwino koma mota imawagwetsa msanga. Mota ikamafuna kuigogoda kapena kuizunguza ndi chala kuti iyambe, mabulashi atha kapena kopa wada ndi mwaye. Timagalimoto tiwiri ta 27 MHz pabwalo limodzi timatha kulandirana uthenga, choncho musanamasule chilichonse onani ngati mwana wapafupi sakuyendetsa kake.

Mota yeniyeni imayezedwa pomaliza. Mmisiri wathu anaichotsa pa ESC n'kuyeza ndi mita mawaya atatuwo awiriawiri. Manambala atatu onse anafanana. Anayezanso waya uliwonse ndi chikopa cha mota, ndipo panalibe kulumikizana. Anaizunguza ndi zala, sinakhule. Anainunkhiza, panalibe fungo la kupsa. Chikanakhala kuti zonsezi zili bwino koma chibwibwi chikupitirira, mlandu ukanagwera ESC, imene mbali yake imodzi imatha kupsa zina zili zamoyo. Njira yotsimikizira ndi kubwereka ESC kapena mota ya mnzanu, n'kusintha chinthu chimodzi pa nthawi. Mukasintha zitatu limodzi, kagalimoto kakhoza kuchira koma simudzadziwa chimene chinkadwala.

Chimene chimandipweteka n'chakuti ESC zambiri zimapsa m'manja mwa eni ake chibwibwi chitayamba kale. Mwana akaona kuti galimoto ikukana, amakoka batani mpaka kumapeto n'kuligwira pomwepo. Mota yosazungulira imameza magetsi ochuluka zedi, ndipo m'masekondi ochepa waya woduka umene ukanakonzedwa mumsika umasanduka ESC yofuka utsi, yofuna kuitanitsa kunja. Mwana wa mchemwali wanga anachita mwayi chifukwa anachita mantha msanga n'kusiya.

Tinabwerera kunyumba dzuwa lisanapendeke. Pabwalo kagalimotoko kananyamuka mosalala ndi mota yake yomwe ija imene tonse tinali titaiweruza kuti yapsa.

Makolo amene ana anu ali ndi galimoto za batire la LiPo, pali chimodzi chimene simuyenera kusiyira mwana. Batire limeneli likatupa, likabooka kapena likatchajidwa ndi tchaja yosakhala yake, limayaka moto woopsa. Litchajeni muli pafupi, pa simenti, kutali ndi makatani, matiresi ndi denga la udzu. Mukadziwa kuti likhala milungu osagwira ntchito, lisiyeni pa mavoti pafupifupi 3.8 pa selo, osati lodzaza kapena lotheratu. Lotupa musaliyesenso pa galimoto. Ndipo muuzeni mwanayo lero lomwe kuti galimoto ikangoyamba chibwibwi, achotse chala pa batani, azimitse, abwere nayo kwa inu.