Kompyuta Yakale Isatayidwe Msanga

Pa 14 Okutobala 2025, kampani ya Microsoft inathetsa chisamaliro chake cha nthawi zonse pa Windows 10. Kodi tsono makompyuta akale a m'sukulu angotayidwa? Iyayi. Linux, imene Linus Torvalds anaiyamba ku Finland mu 1991, njaulere, ndipo mitundu yake yopepuka, monga Linux Mint Xfce, imayenda bwino m'makina okalamba.

Komabe kuthamanga sikufika. Musanailowetse, sungani zolemba zanu pena, pakuti kulowetsako kungafafanize zonse. Kenaka iyeseni kaye kuchokera pa fulashi.

Mukailowetsa Wi-Fi n'kukana, musataye mtima. Kawirikawiri chosowa ndi driver, kapulogalamu kogwirizanitsa chipangizocho ndi kompyuta. Lumikizani waya wa intaneti, tsekulani Driver Manager, sankhani driver woyenera, zimitsani makinawo n'kuwayatsanso. Mukatero, ophunzira adzapitiriza maphunziro pa makina omwewo, sukulu osagula ena.