Ngalawa ya Lord Nelson pa Dooko

Ngalawa ya matanga yochedwa Lord Nelson, ya bungwe lacifundo la ku England la Jubilee Sailing Trust, inayamba maulendo ake m'caka ca 1986. Inapangidwa kuti akhungu ndi opunduka aziiyendetsa pamodzi ndi anthu olimba. M'caka ca 2013, pozungulira dziko lonse, inakoceza ku Cape Town.

Pa dooko nchito sinali kutha ai. Ena anali kutsuka ngalawa, ena kulowetsa zakudya, ndipo usiku anali kulonda mosinthana. Popeza pa dooko madzi ali bata, ndipo pamene munthu wosatha kuyenda anali kukwezedwa pa mlongoti ndi mpando wake womwe, anzake alikukoka cingwe. Iye amene kwao anazolowera kupenyedwa ndi maso acisoni, tsiku limenelo anali kupenya mzinda wonse pansi pake.