Wakabaza Amangonyamula Basi? Zikhulupiriro ndi Zoona za pa Siteji

Pa Sorgin, pa Phokera kapena pa Bangula, m'dera la Mfumu Yaikulu Mbenje, minibasi imakusiyani pamsewu wa M1. Kuchoka pamenepo kulowa m'midzi, kupita kuchipatala cha Kalemba kapena kudooko la Mtayamoyo, ndi ntchito ya akabaza, a njinga zakapalasa ndi a njinga zamoto. Takisi ya kuno ndi imeneyo. Amanyamula mayi wodwala pakati pa usiku, mwana wasukulu, mlendo wosadziwa njira. Nanga bwanji wakabaza asayambe waphunzitsidwa za kuteteza ana ndi amayi ku nkhanza asanaloledwe kuima pa siteji? Mukafunsa choncho, mayankho ake amakhala omwewomwewo, ndipo ambiri amasemphana ndi malamulo a dziko lino.

Lomveka kwambiri ndi ili: "Ine ndimangonyamula. Akandilipira ndathana nazo. Kumene akupita ndi mwanayo si nkhani yanga." Lamulo lothana ndi kuzembetsa anthu la 2015 silikutero. Pofotokoza mlanduwu limatchula kunyengerera munthu, kumunyamula, kumusamutsa, kumusunga ndi kumulandira pofuna kumudyera masuku pamutu. Kunyamula kuli pomwepo. Wozembetsa munthu wamkulu akhoza kukhala kundende zaka 14, wozembetsa mwana zaka 21, ndipo zikaipitsitsa, moyo wake wonse. Sipafunikanso kuti mwadutsa chipata cha Marka kulowa m'Mozambique. Kutenga mwana kwa Mbenje kuti akagwire ntchito yakalavulagaga ku Blantyre kapena kukaweta ng'ombe za wina m'malo mopita kusukulu ndi mlandu womwewo. Wakabaza amene sanadziwe kanthu alibe mlandu, n'zoona. Koma amene walandira ndalama yoposa mtengo wa ulendo, n'kuuzidwa kuti adzere kanjira kolambalala rodibuloko, adzatuluka thukuta kukhothi pofotokoza kuti sanadziwe. Mu Marichi 2020, ku Tete, anthu 64 ochokera ku Ethiopia anapezeka atafa m'kontena ya thiraki yochokera ku Malawi kuno. Oyamba kumangidwa anali dalaivala ndi womuthandiza.

Zimene maphunziro amaphunzitsa n'zosavuta, ndipo wakabaza amaziona kale tsiku ndi tsiku, kungoti palibe anamuuza kuti ndi zizindikiro. Mwana amene sadziwa dzina la "amalume" amene ali nawo. Wamkulu amene amayankhira mwana funso lililonse. Ana atatu anayi a mabanja osiyana, opanda kachikwama, akuyenda ndi munthu mmodzi mbandakucha. Bambo amene sabata ino wakutumani kukatenga mtsikana uyu kupita naye kuresiti hausi, sabata yamawa wina.

Ena amati zimenezi n'za ku Ulaya, kumene kuli matakisi a mamita. Kumenekonso anayamba ndi kunyozera. Mu 2014 lipoti la Alexis Jay linaulula kuti m'tauni ya Rotherham ku England ana osachepera 1,400 anachitidwa nkhanza zogonana pakati pa 1997 ndi 2013, ndipo ena mwa oyendetsa matakisi anali m'gulu lonyamula anawo kupita nawo kwa owazunza. Mu 2020 boma la kumeneko linatulutsa malangizo oti makhonsolo azionetsetsa kuti aliyense wofuna chiphaso cha takisi waphunzira za kuteteza ana ndi anthu osowa pogwira, komanso kuti mbiri yake ya milandu yafufuzidwa. Ngati zinatheka kumene galimoto iliyonse ili ndi nambala ndipo dalaivala aliyense ali m'kaundula, kuli bwanji kuno kumene njinga yamoto imagulidwa lero, mawa ili pa siteji yopanda nambala? Onjezanipo madzi osefukira. Mu 2015, nthawi ya Idai mu 2019 ndi ya Freddy mu 2023, mabanja ambirimbiri anakagona m'misasa pa Bangula, ana ali mbali, makolo mbali, chakudya chikuchepa. Wolonjeza ntchito m'tauni sasowa womumvera nthawi ngati imeneyo, ndipo potuluka mumsasa amafuna njinga.

Chikhulupiriro chowawa kwambiri chimakhudza akabaza eni ake: "Anafuna yekha." Mtsikana wa ku CDSS amene amayenda mtunda wautali m'dzuwa la kuchigwa kuno apatsidwa lifiti lero, mawa lifiti, mkuja ya sopo, kenako mimba. Pa siteji amaseka kuti mnyamata ndi dolo, ndipo kumudzi nkhani imakathera pa chindapusa kapena ukwati wokakamiza. Chiyambire 2017 Malamulo Aakulu a dziko lino amati aliyense wosakwana zaka 18 ndi mwana ndipo sangalowe m'banja. Kugona ndi mwana ndi mlandu umene chilango chake chimafika pa ukaidi wa moyo wonse, ndipo kunena kuti anavomera sikupulumutsa munthu. Mfumu ilibe mphamvu yoweruza mlandu umenewu pabwalo. Anyamata ambiri a pa siteji anasiyira sukulu panjira ndipo palibe anawakhazika pansi n'kuwauza zimenezi. Amadzazimva koyamba ali m'chitokosi cha apolisi.

Makolo nawonso ali ndi chawo: "Timamudziwa, ndi mwana wa auje." Nkhanza zambiri kwa ana amachita ndi anthu odziwika, osati alendo.

Zoti laisensi ndi yokwanira tisatayepo nthawi. Mayeso a ku Road Traffic amaona ngati munthu amatha kuyendetsa ndi kuwerenga zikwangwani, osati khalidwe lake kwa amene wamunyamula. Ndiponso akabaza ambiri a njinga zamoto laisensiyo alibe, ndipo a njinga zakapalasa safunsidwa n'komwe. Kudikira kuti onse akhale ndi mapepala kenako ndiye aphunzitsidwe n'kudikira chosabwera.

"Kukanena n'kudziputira milandu," amatero ena, poopa kuyenderera kupolisi ngati mboni kapena kudana ndi anansi. Mantha amenewa ndi omveka, sindiwapeputsa. Koma lamulo losamalira ndi kuteteza ana la 2010 limalamula munthu aliyense wa m'mudzi amene ali ndi chifukwa chokhulupirira kuti mwana akuzunzidwa kuti adziwitse mfumu, wapolisi kapena wa ofesi ya Social Welfare, ndipo kukhala chete ndiko kuli mlandu. Nambala ya 116 ndi yaulere, ndipo akabaza ambiri foni ali nayo. Palinso chinthu chimodzi chimene ndingafune wakabaza aliyense atachidziwa ngakhale ataiwala zina zonse: munthu amene wagwiriridwa ayenera kufika kuchipatala pasanathe maola 72 kuti mankhwala oteteza ku HIV, otchedwa PEP, agwire ntchito. Banja likamakambirana masiku anayi ngati nkhani ituluke kapena ayi, nthawiyo yatha. Nthawi zambiri woyamba kuitanidwa ndi wakabaza, ndipo mawu ake oti "tiyeni kuchipatala lero lomwe" akhoza kuteteza moyo wa mwana.

Tisapitenso mbali inayo n'kumati akabaza onse ndi afisi. Ambiri ndi abambo ofuna ya ufa, ndipo ndi omwewa amafikitsa amayi oyembekezera kuchipatala msewu utaduka. Tisanamizanenso kuti maphunziro okha akwanira: woipa mtima akhoza kukhala pansi, kulandira setifiketi, n'kupitiriza zake. Pamafunika kaundula wa mayina pa siteji iliyonse, chovala chokhala ndi nambala yooneka, ndi tcheyamani amene angathe kuchotsa munthu pamzere.

Zimenezi sizikudikira Nyumba ya Malamulo. Masiteji ali kale ndi makomiti amene amatolera ndalama kwa wolowa watsopano. Khonsolo ya Nsanje, apolisi a Victim Support Unit, alangizi oteteza ana ndi Mfumu Mbenje agwirizane kuti wosaphunzira asaime pa siteji. Phunzirolo likhale la m'mawa umodzi, laulere, pa tsiku losakhala la msika, m'Chisena ndi m'Chimang'anja, ndipo lizibwerezedwa chaka ndi chaka mvula isanayambe.