MAINA A MISASA YA ASILIKALI AKUKUMBUTSA NKHONDO IMENE MAKOLO ATHU ANAMENYA

Munthu wa ku Rufunsa amene ali ndi mwana kapena mphwake m'gulu la nkhondo la Zambia amawadziwa bwino maina awa: Arakan ku Lusaka, Gondar ku Chipata, Chindwin ku Kabwe, Tug Argan ndi Kalewa ku Ndola. Maina amenewa si a Cisoli, si a Cinyanja, ndiponso si a Cingerezi. Ndi maina a zigwa, mitsinje ndi mizinda ya ku Somaliland, Ethiopia ndi Burma, kumene asilikali a mu Africa anamenyana ndi Mataliyana ndi Majapani pa Nkhondo Yaciwiri ya Dziko Lonse, imene inayamba mu 1939 ndi kutha mu 1945.

Boma la Rufunsa, limene linapatulidwa ku Chongwe mu 2012, liri pakati pa iwiri mwa misasa imeneyi. Wokwera basi pa Great East Road kulowera kumadzulo amafika ku Lusaka kumene kuli Arakan. Wolowera kum'mawa, akaoloka mlatho wa Luangwa, amakafika ku Chipata kumene kuli Gondar. Msewu womwewu ndiwo unali kulumikiza Lusaka ndi Fort Jameson, dzina lakale la Chipata, m'masiku a nkhondo. Ncoyenera tsono kuti anthu a kwa Mpanshya, kwa Shikabeta ndi kwa Bunda Bunda adziwe gulu limene linabweretsa maina otere, m'mene linakonzedwera ndi kumene linapita.

GULU LINACOKERA M'POLISI

Mu 1911 North-Eastern Rhodesia ndi North-Western Rhodesia zinaphatikizidwa kukhala dziko limodzi la Northern Rhodesia, ndipo apolisi a mbali ziwirizo nawonso anakhala gulu limodzi. Gululi linali ndi nthambi ya asilikali, imene inamenyana ndi Majeremani pa Nkhondo Yoyamba ya Dziko Lonse kufikira pamene mtsogoleri wao, von Lettow-Vorbeck, anatula zida ku Abercorn, kumene lero ndi ku Mbala, pa 25 Novembala 1918. Mu 1933 nthambi imeneyo inapatulidwa ku polisi ndi kupatsidwa dzina lakuti Northern Rhodesia Regiment. Cizindikiro cake cinali mbalame ya kudambo ya miyendo yaitali, yokhala ndi cisoti ca nthenga zacikasu pamutu.

Asilikali ake anali a mitundu yambiri: Angoni, Acewa, Ansenga, Abemba, Aila ndi ena otero. Kuti amvane, cinenero ca m'gulu cinali Cinyanja, ndipo maofisala acizungu anali kuyembekezeka kuciphunzira. Mabatalioni a Keyala ocokera ku Nyasaland, kumene lero ndi ku Malawi, analinso kulankhula Cinyanja, pamene a ku Kenya, Uganda ndi Tanganyika anali kugwiritsa nchito Ciswahili. Motero cinenero cimene awerengi akuwerenga pa tsamba lino cinamveka m'cipululu ca Somaliland ndi m'nkhalango za Burma.

Nkhondo itabuka mu 1939, gululi linali laling'ono, koma pofika kumapeto kwa nkhondoyo linali litakula kufika pa mabatalioni 8. Anthu akuda a dziko lino amene analowa usilikali anali pafupifupi 15,000. Boma la atsamunda linali kuwapeza kudzera mwa mabwana D.C. ndi mafumu. Nyuzipepala ya boma ya Mutende inali kufalitsa nkhani za nkhondo m'zinenero za kuno, ndipo mu 1941 wailesi inayamba kuulutsa mau ku Lusaka ndi colinga comweco. Anyamata ena anakopeka ndi malipiro ndi yunifomu, ena anafuna ndalama za msonkho, ndipo ena analowa cifukwa kukana mau a mfumu kunali kovuta.

M'MENE ANALI KUGAWIDWIRA

Akulu anati mutu umodzi susenza denga. Gulu la asilikali oyenda pansi limamangidwa ngati ufumu, kuyambira pa banja kufikira kwa mfumu yaikulu, ndipo aliyense amadziwa amene amamumvera.

Kagulu kocepa koposa kanali sekishoni, ya amuna pafupifupi 10 otsogoleredwa ndi kopolo, okhala ndi mfuti imodzi yaciwaya yochedwa Bren. Masekishoni atatu anali kupanga pulatuni ya amuna oposa 30. Mapulatuni atatu anali kupanga kampani ya amuna pafupifupi 120. Makampani anai, pamodzi ndi kampani ya kulikulu imene inali ndi amtokoma, oyendetsa magalimoto, ophika ndi oombera mizinga yaing'ono, anali kupanga batalioni ya amuna pakati pa 800 ndi 1,000. Batalioni ndiyo inali ngati mudzi wa msilikali: mmenemo ndimo anali kudya, kulandira malipiro ndi kudziwika ndi nambala yake.

Mabatalioni atatu anali kupanga birigedi, ndipo mabirigedi atatu anali kupanga divishoni. Divishoni inalinso ndi amizinga ikuluikulu, omanga milatho ndi misewu, acipatala ndi onyamula katundu, kotero kuti anthu ake onse anali kupitirira 15,000. Iyo inali yokwanira kumenya nkhondo payokha, kudzidyetsa ndi kusamalira odwala ake.

Koma makwerero amenewa anali ndi malire a khungu. Munthu wakuda anali kukhoza kukhala kopolo, sajeni kapena sajeni meja, ngakhale kutsogolera pulatuni, koma udindo wa ofisala unali wa azungu. Malipiro a msilikali wakuda analinso ocepa kwambiri poyerekeza ndi a mzungu amene anali naye m'ngalande imodzi.

PA TUG ARGAN

Nkhondo yoyamba yaikulu ya gululi inacitikira ku British Somaliland. Pa 3 Ogasiti 1940 Mataliyana ocokera ku Ethiopia, oposa 20,000 ndipo otsogoleredwa ndi General Guglielmo Nasi, analowa m'dzikolo. Otchinjiriza anali pafupifupi 5,000 okha. Pakati pao panali batalioni yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment, batalioni yaciwiri ya Keyala ya ku Nyasaland, Amwenye a ku Punjab, Asomali okwera ngamila ndi batalioni ya Black Watch ya ku Scotland.

Msewu wocokera ku Hargeisa kupita kudoko la Berbera unali kudutsa pa mpata wa mapiri wochedwa Tug Argan. M'Cisomali, mau oyambawo amatanthauza mtsinje wouma umene umayenda madzi mvula ikagwa. Asilikali a dziko lino anaikidwa pa zitunda zoyang'ana mpatawo, kampani iyi pano, inzake apo, motalikirana kotero kuti kuthandizana kunali kovuta. Mataliyana anayamba kuukira pa 11 Ogasiti ndi ndege, mizinga ndi akasinja. Kwa masiku asanu zitundazo zinalimba, koma zinayamba kugwa cimodzicimodzi, ndipo pa 15 Ogasiti General Godwin-Austen analamula kuti onse abwerere m'mbuyo. Otsala anakwera zombo ku Berbera kupita ku Aden.

Kugonja kumeneku sikunakhalitse. Mu Marichi 1941 Berbera analandidwanso, ndipo batalioni yoyamba inamenya nawo nkhondo yocotsa Mataliyana ku Ethiopia. Pa 27 Novembala 1941 General Nasi yemwe uja anatula zida mumzinda wa Gondar pamaso pa asilikali a kum'mawa kwa Africa ndi Aitiopiya. Ndiko kunacokera dzina la msasa wa ku Chipata.

CIFUKWA CAKE ANAOLOKA NYANJA

Patangopita masiku ocepa Gondar atagwa, mu Disembala 1941, Japan inalowa m'nkhondo. Ku zisumbu za Philippines, zimene zinali pansi pa America, Majapani anakumana ndi madivishoni 10 a eni dziko amene anasonkhanitsidwa mofulumira. Ambiri mwa asilikaliwo anali asanaphunzire mokwanira, zida zinali zocepa, ndipo m'gulu limodzi munali zinenero zingapo zosamvana. Ngakhale zinali tero, analimba pa ndomo ya Bataan kufikira pa 9 Epulo 1942, pamene njala, matenda ndi kusowa kwa zipolopolo zinawagonjetsa. Pofika mu Meyi 1942 Majapani anali atalandanso Burma ndi kufika m'malire a India.

Apa Angerezi anasowa asilikali ndipo anayang'ana ku Africa. Mu 1942 mabatalioni atatu a dziko lino, yaciwiri, yacitatu ndi yacinai, anatumizidwa ku Madagascar ngati birigedi ya 27, poopa kuti Majapani angakhazikike pa cisumbuco. Mu Febuluwale 1943 kunakhazikitsidwa divishoni ya 11 ya kum'mawa kwa Africa, yotsogoleredwa ndi General Charles Fowkes, ndipo cizindikiro cake cinali mutu wa cipembere.

Divishoni imeneyi inali ndi mabirigedi a 21, 25 ndi 26. Mu birigedi ya 21 munali batalioni yoyamba ya Northern Rhodesia Regiment, yaciwiri ya Keyala ya ku Nyasaland ndi yacinai ya ku Uganda. Motero anzao a ku Somaliland aja anakumananso. Mabirigedi ena awiriwo anali ndi mabatalioni a ku Kenya, Tanganyika, Uganda ndi Nyasaland. Onse anapita ku Ceylon, kumene lero ndi ku Sri Lanka, kukaphunzira nkhondo ya m'nkhalango.

CIGWA CA IMFA

Pakati pa caka ca 1944 Majapani anagonjetsedwa ku Imphal ndi ku Kohima nayamba kubwerera. General William Slim, mtsogoleri wa gulu lonse la Angerezi ku Burma, sanafune kuwapatsa mpata wopuma, ngakhale kuti inali nyengo ya dzinja pamene magulu a nkhondo kumeneko anali kuyembekeza kuti mvula ithe. Nchito yowapirikitsa m'cigwa ca Kabaw inapatsidwa kwa divishoni ya 11, ndipo ulendo unayamba mu Ogasiti.

Asilikali anachula malowo kuti Cigwa ca Imfa. Angerezi anali ndi maganizo akuti anthu a mu Africa sagwidwa msanga ndi malungo, koma cigwaco sicinasankhe munthu. Munali malungo, kamwazi ndi nthenda yoopsa yofalitsidwa ndi tizilombo ta m'udzu. Msilikali aliyense anayenera kumwa mbulu wacikasu wa mepacrine tsiku ndi tsiku. Mvula inasandutsa misewu matope ndi kukokolola milatho. Kumene magalimoto analephera, katundu ananyamulidwa pa abulu ndi pamutu, cakudya cinagwetsedwa ndi ndege, ndipo njobvu zophunzitsidwa zinakoka mitengo yomangira milatho. Majapani anali kubisala m'maenje ofoleredwa ndi zipika pamwamba pa zitunda, ndipo kawirikawiri sanali kulola kugwidwa amoyo.

Birigedi ya 21 inadzera m'mapiri a kum'mawa kwa cigwaco kulinga ku Mawlaik, m'mphepete mwa mtsinje wa Chindwin. Pa 2 Disembala 1944 divishoni inalanda Kalewa ndipo inaoloka Chindwin. Pamenepo panamangidwa mlatho woyandama wa mamita pafupifupi 350, umene magulu ena anaolokerapo kupita kukati kwa Burma. Itatsiriza nchito imeneyi, divishoni inabwezedwa ku India kukapuma.

Batalioni yacitatu ya dziko lino inali m'birigedi ya 22, imene inali yoima payokha, pamodzi ndi batalioni yoyamba ya Keyala ndi Rhodesian African Rifles ya ku Southern Rhodesia. Iwo anamenya nkhondo m'dera la m'mphepete mwa nyanja la Arakan, limene lero limachedwa Rakhine, ndipo mu 1945 anali m'nkhondo za kufupi ndi Taungup. Dzina limeneli lirinso pa msasa wa ku Mufulira.

POBWERERA KUMUDZI

Japan inagonja mu Ogasiti 1945, ndipo asilikali ambiri anafika kwao mu 1946. Anabwera ndi mamendulo, kandalama kocepa ndi nkhani zambiri. Ambiri anayembekeza nchito zabwino ndi cithandizo ca boma, koma anagwiritsidwa mwala. Azungu ocokera kunkhondo anathandizidwa kupeza mafamu, pamene anthu akuda ambiri anangobwerera ku khasu. Nkhani imeneyi inalembedwa mwatsatanetsatane ndi Dr Alfred Tembo wa pa University of Zambia m'buku lake la mu 2021 lochedwa War and Society in Colonial Zambia.

Gulu lenilenilo silinafe. Linatumikiranso ku Malaya m'zaka za m'ma 1950, ndipo pa ufulu wa dziko lino mu 1964 linasanduka maziko a gulu la nkhondo la Zambia. Ndico cifukwa cake maina akale aja anatsala pa zipata za misasa, ndi pa msewu wa Burma Road ku Lusaka.

Ena sanabwerere konse. Ku Hargeisa kuli manda a amene anafa mu 1940. Ku Taukkyan, pafupi ndi Yangon m'dziko limene kuyambira 1989 limachedwa Myanmar, kuli cipilala ca maina pafupifupi 27,000 a asilikali amene manda ao sadziwika, ndipo pakati pao pali a mu Africa. Bungwe la Commonwealth War Graves Commission limasunga dzina, nambala, gulu ndi tsiku la imfa la amene analembedwa m'mabuku ake. Caka ndi caka, m'mwezi wa Novembala, akuluakulu a boma ndi asilikali amaika nkhata za maluwa pa cipilala ca cikumbutso ku Lusaka.

Mnyamata amene anali ndi zaka 18 mu 1944 anabadwa mu 1926, kotero amene anaona Kabaw ndi maso ao atsala owerengeka. Cimene catsala ciri m'masutukesi ndi m'mitima ya ana ao. Banja limene liri ndi mendulo yooneka ngati nyenyezi, ya nsalu yofiira pakati ndi yabuluu m'mbali yokhala ndi mizere yacikasu cofiirira, lidziwe kuti imeneyo ndi Burma Star, yopatsidwa kwa amene anatumikira ku Burma. Mendulo zotere zisagulitsidwe, ndipo cikalata cotulukira usilikali cisungidwe kutali ndi ciswe, pakuti nambala yolembedwa pamenepo ndiyo imathandiza kulondola batalioni ya munthu. Aphunzitsi ndi mafumu a midzi ya ku Rufunsa angacite bwino kulemba maina a asilikali akale a m'midzi yao ana a asilikaliwo akali moyo, kuti mdzukulu wodutsa pa cipata ca Arakan adziwe ngati agogo ake anafikako.