Zomwe opita mumlengalenga akutiphunzitsa pa odwala ogonera pabedi

Pa 5 June 2024, Suni Williams ndi Butch Wilmore a bungwe la NASA ananyamuka ulendo wopita ku International Space Station, malo ochitirako kafukufuku omwe amazungulira dziko pamtunda wa makilomita pafupifupi 400 kuchokera pansi pano. Ankayembekezera kukhalako masiku asanu ndi atatu okha. Chombo chawo cha Starliner chitapezeka ndi mavuto, anabwerako pa 18 March 2025, atatha masiku 286. Ali komweko, pa 16 January 2025, Williams ndi mnzake Nick Hague anatuluka panja n'kugwira ntchito yokonza zipangizo kwa maola asanu ndi limodzi. Chovala chomwe amavala kunjako amachipopa mpweya, motero chimauma, ndipo ngakhale kufumbata spanala kumalira mphamvu zambiri.

Funso kwa ife azaumoyo ndi lakuti: munthu yemwe watha miyezi isanu ndi iwiri osaponda pansi, mphamvu zoterezi amazisunga bwanji?

Kumwambako thupi limangoyandama, silimva kulemera kwake. Mafupa ndi minofu zikasiya kunyamula katundu, thupi limayamba kuzichepetsa. Mafupa a m'chiuno ndi a msana amataya pakati pa 1 ndi 1.5 peresenti ya kulimba kwake mwezi uliwonse. Kashiamu wochoka m'mafupamo amatuluka ndi mkodzo, ndipo angathe kuyambitsa timiyala mu impso. Minofu ya m'miyendo imafota, magazi amachepa m'thupi, ndipo ambiri akabwerera pansi amachita chizungulire akaimirira. N'chifukwa chake aliyense wokhala kumeneko amachita masewera olimbitsa thupi pafupifupi maola awiri tsiku lililonse: kuthamanga pamakina atamangiriridwa ndi malamba, kupalasa njinga yosayenda, ndi kukankha makina olimba. Valeri Polyakov, dokotala wa ku Russia yemwe anakhala masiku 437 mumlengalenga kuyambira mu 1994 mpaka 1995, ankalimbikira masewerawa, ndipo atatera anatha kuyenda yekha mapazi angapo kukakhala pampando.

Ofufuza akafuna kuona zomwe mlengalenga umachita pathupi popanda kutumizako munthu, amangogoneka anthu athanzi pabedi kwa masabata angapo, chifukwa zotsatira zake zimafanana. Mu 1966, ku Dallas m'dziko la America, anyamata asanu a zaka 20 anagonekedwa masabata atatu. Mphamvu ya mtima ndi mapapo awo pogwira ntchito yolemetsa inatsika ndi 27 peresenti. Atawayezanso patatha zaka 30, anapeza kuti masabata atatu aja anawafooketsa kuposa zaka 30 za kukula.

Apa m'pomwe nkhaniyi ikutikhudza kuno ku Mzimba. Wocheka matabwa m'nkhalango ya Chikangawa mtengo ukamugwera, kapena munthu akachita ngozi pamsewu wa M1 n'kuthyoka fupa la ntchafu, m'zipatala zambiri za maboma amagonekedwa masabata asanu ndi limodzi kapena kuposerapo, mwendo ukukokedwa ndi cholemera chomangirira kumapeto kwa bedi. M'midzi muli agogo omwe anafa ziwalo ndi sitiroko, komanso odwala chifuwa chachikulu omwe agona pamphasa miyezi. Achibale, chifukwa cha chikondi, amati "asiyeni apume". Koma fupa limatha kulumikizana bwino, matenda n'kutha, munthuyo n'kulephera kuimirira kapena kubwerera kuntchito yomwe imadyetsa ana ake.

Zoyenera kuphunzitsa magadiyani sizilira ndalama. Wodwala yemwe sangathe kudzitembenuza atembenuzidwe maola awiri aliwonse, kuti apewe zilonda za pamatako, m'chiuno ndi pazidendene. Tsiku lililonse apinde ndi kuwongola mfundo zonse zomwe sizinavulale. Ngati sangathe yekha, gadiyani amuthandize pang'onopang'ono osakakamiza. Wothyoka ntchafu angathe kugwedeza phazi, kulimbitsa minofu ya ntchafu osasuntha mwendo, ndi kudzikweza ndi manja, motsatira malangizo a dokotala kapena a mafizo. Azikoka mpweya wambiri kangapo pa ola ndi kutsokomola, pofuna kupewa chibayo. Amwe madzi okwanira, adye nyemba, nsinjiro, mazira ndi usipa pamodzi ndi minga yake.

Dokotala akalola kuti adzuke, musamuimiritse nthawi imodzi. Ayambe wakhala tsonga, kenako alendewetse miyendo m'mphepete mwa bedi kwa mphindi zingapo, ndiye aimirire wina atamugwira. Akachita chizungulire kapena kuona mdima, akhale pansi, muyesenso nthawi ina.

Zizindikiro izi zikaoneka, mutumizeni kuchipatala tsiku lomwelo: mwendo umodzi kutupa ndi kupweteka, kubanika mwadzidzidzi, kupweteka pachifuwa, kutentha thupi, kapena chilonda chotuluka mafinya. Kutupa kwa mwendo umodzi kungasonyeze kuti magazi aundana mumtsempha, choncho osausisita.

Alangizi a zaumoyo ndi anthu ongodzipereka, mukayendera wodwala pakhomo musalekeze pofunsa ngati wamwa mankhwala. Funsaninso kuti lero watembenuzidwa kangati, wakhala tsonga nthawi yaitali bwanji, ndipo wayenda mapazi angati. Lembani mayankhowo m'kaundula wanu, ndipo ulendo wotsatira muone ngati akuwonjezereka. Ngati akutsika, dziwitsani achipatala.