ULENDO WA PA NYANJA M'NYENGO YA MWERA

Mwezi wa June ukafika, anthu a ku Madzimoyo ndi a m'midzi yozungulira Chipata adziwa kuti cisanu calowa. Mmawa akulu aothera moto, ndipo ana apita ku sukulu manja ali m'khwapa. Nthawi yomweyo nchito ya m'minda yatha, cimanga ciri m'nkhokwe, ndipo ambiri akonza maulendo okaona abale. Ena, maka-maka a ku migodi amene apatsidwa masiku opumula, ali ndi abale ku Nkhata Bay kapena pa cisumbu ca Likoma, pakuti kuyambira kale Atonga ndi anthu a ku Likoma anali kubwera kudzagwira nchito ku migodi ya mkuwa, ndipo ambiri anakwatira kuno. Otere adzera pa malire a Mwami, napita ku Lilongwe ndi ku Salima, kufikira atakwera sitima ya pamadzi pa Nyanja ya Malawi.

Ambiri pomanga katundu asiya bulangete kunyumba, poganiza kuti kunyanja nkotentha masiku onse. Masana pa gombe mau amenewa ngoona, cifukwa nyanja iri pansi: ikwera mamita osafika 500 pamwamba pa nyanja yamcere, pamene Chipata apitirira mamita 1,000. Koma usiku, pakati pa madzi, pamwamba pa sitima, nkhani isintha.

SITIMA YACE

Sitima yodziwika koposa pa nyanjayi ndiyo Ilala. Inapangidwa ku Glasgow m'dziko la Scotland m'caka ca 1949, ndipo inabwera m'zidutswa kudzera ku Beira. Anailumikiza ku Monkey Bay, niyamba nchito m'caka ca 1951. Dzina lace nla kuno ku Zambia, pakuti Ilala ndilo dziko la Alala kumene David Livingstone anamwalira m'caka ca 1873. Njira yace icokera ku Monkey Bay kummwera kufikira ku Chilumba kumpoto, kudzera ku Nkhotakota, Likoma, Chizumulu, Nkhata Bay, Usisya ndi Ruarwe. Wopita kutali agona m'sitima usiku umodzi kapena uwiri. Zipinda zogona nzocepa ndi zokwera mtengo, cotero anthu ambiri agona pa mabenci a m'munsi, kapena pamwamba peni-peni pamene palibe zipupa.

MPHEPO YA MWERA

Kuyambira mwezi wa May kufikira August, pa nyanja paomba mphepo yocokera kummwera cakummawa, imene eni dziko aicha mwera. Nyanjayi njaitali makilomita oposa 550, ndipo mwera uyenda motsata utali wace wopanda phiri kapena nkhalango youchinga. Cifukwa cace mafunde akula pamene apita kumpoto, ndipo nthawi zina mphepoyo iomba masiku angapo osaleka.

Kuzizira kwa pa nyanja nkosiyana ndi kwa kumudzi. Thupi la munthu lifunditsa kampweya kamene kali pakati pa khungu ndi zobvala. Mphepo ikaomba icotsa kampweyako, ndipo thupi liyamba kufunditsa kena, nakonso kacotsedwa. Zobvala zikanyowa ndi madzi owaza a mafunde, kutentha kwa thupi kuthawa msanga koposa. Anthu a ku migodi acidziwa cimeneci: munthu akaturuka pansi malaya ali conyowa ndi thukuta, nakomana ndi mphepo ya usiku, anjenjemera ngakhale anzace ouma sakumva kanthu. Tsono adani a wapaulendo ndi awiri, mphepo ndi cinyontho.

ZOBVALA

Zobvala zopepuka zingapo ziposa cobvala cimodzi colemera, pakuti pakati pa ciri conse patsala mpweya wofunda, ndipo dzuwa likakwera munthu angathe kubvula cimodzi-cimodzi. Mwamuna abvale malaya a manja atali, juzi pamwamba pace, ndipo kunja jekete imene mphepo ndi madzi sizilowa. Jasi ya mvula ya ku nchito ikwanira bwino. Abvale buluku lalitali, asunge kabudula kufikira masana. Mkazi akhale ndi juzi, duku locindikala ndi zitenje ziwiri kapena zitatu, cina cofunda, cina ca mwana. Onse ayenera kukhala ndi cisoti ca ubweya cobisa makutu, masokosi, ndi nsapato za mphira zosaterera, cifukwa pansi pa sitima pamakhala ponyowa. Cipewa ca mlomo waukulu copanda cingwe cidzatengedwa ndi mphepo tsiku loyamba lomwe.

Bulangete lisatsale, ndi mphasa yaing'ono yoyala pansi, pakuti citsulo ca sitima cizizira kwambiri mbandakuca. Bulangetelo pamodzi ndi zobvala zina zosinthira azimange m'thumba la pulasitiki. Makalata a ulendo ndi ndalama azikulunge padera, nazisunge pathupi.

Makanda ndi nkhalamba azizidwa msanga kuposa ena, ndipo khanda silinganene. Mai agwire mwana pamimba kapena pamsana kawiri-kawiri kuti adziwe ngati ali wofunda, amsinthe thewera likangonyowa, ndipo usiku agone naye pacifuwa, kumbali kumene mphepo siifika.

POKWERA NDI POTSIKA

Ku madooko ena, monga ku Usisya ndi ku Ruarwe, sitima siifika kumtunda. Iponya nangula patali, ndipo anthu ndi katundu apita ku gombe m'mabwato ainjini. Kawiri-kawiri munthu atsika m'madzi ofika m'maondo, mwina usiku. Wanzeru apinda buluku, amangirira nsapato m'khosi, nasenza thumba pamutu, ndipo akafika apukuta miyendo ndi kubvala zouma nthawi yomweyo. Apa ndipo pali ngozi yaikuru ya ulendo wonse, pakuti anthu akankhana, yense afuna kukhala woyamba. Bwato lodzala koposa muyeso silipirira mafunde a mwera. Nkwabwino kudikira ulendo waciwiri wa bwato. Ana apatsidwe m'manja mwa amalinyero mmodzi-mmodzi, ndipo m'bwato onse akhale pansi.

ZOCITA M'SITIMA

Atangokwera, munthu ayang'ane kumene kuli zobvala zoyandamitsa munthu pamadzi, ndi njira yoturukira. Pofuna malo ogona asankhe pakati pa sitima, kuseri kwa cipupa, cifukwa kutsogolo ndi kumbuyo ndiko kugwedezeka kwambiri. Wakumva nseru ndi cizungulire apite pa mpweya wabwino, ayang'ane mapiri akutali, nadye pang'ono zakudya zopanda mafuta. Tiyi wotentha ndi phala zifunditsa thupi. Mowa unyenga: munthu amva ngati wafunda, koma utsegula mitsempha ya pakhungu kotero kuti kutentha kuturuka msanga, ndiponso woledzera agwa m'madzi mosabvuta. Kusonkha mbaula kapena moto uli wonse m'sitima nkuika miyoyo ya onse pa ngozi.

Mwera ukakula sitima icedwa maora ambiri. Cotero wapaulendo atenge kamba woposa masiku amene awerenga, monga mbatata zophika, nshawa zokazinga ndi madzi akumwa. Masiku onyamuka sitima asintha nthawi ndi nthawi, ndipo nkoyenera kufunsa asanacoke kunyumba: safunsa anadya phula. Akatsika kumtunda agone m'neti, pakuti udzudzu wa kunyanja sutha ndi cisanu.

Masana, mphepo ikacepa, pali zambiri zoona. Patali paoneka ngati utsi woturuka m'madzi: timeneto ndi tizirombo touluka tochedwa nkhungu, timene anthu a kunyanja atigwira ndi kupanga ndiwo. Pa madooko asodzi abwera m'mabwato ao kudzagulitsa usipa ndi nsomba zina. Pa Likoma, ngati nthawi ilola, munthu angakaone chalichi cacikuru ca St Peter, cimene anayamba kumanga m'caka ca 1903. Kumpoto kwa Nkhata Bay mapiri atsikira m'madzi mweni-mweni, ndipo kuderalo nyanja izama pafupi-fupi mamita 700.

CIKUMBUTSO CA VIPYA

Anthu a kunyanja saiwala tsiku la 30 July 1946. Sitima yatsopano yochedwa Vipya, imene inali itayenda maulendo owerengeka okha, inakomana ndi namondwe kumpoto kwa nyanja, pafupi ndi Florence Bay, kumene lero kuchedwa Chitimba. Inagubuduka nimira, ndipo anthu 145 anatayika. Ilala, imene inadza m'malo mwace, yapirira mwera wa zaka zambiri. Koma kaputeni akaimitsa sitima pa dooko kudikira kuti mphepo icepe, anthu asadandaule kapena kukalipira amalinyero. Iwo adziwa nyanja. Kuona maso a nkhono nkudekha.

Munthu wa ku Madzimoyo amene afuna kukaona abale ace kunyanja m'mwezi wa June kapena July asaope ulendo. Amange bulangete lace m'pulasitiki, abveke ana ace zofunda, namvere amalinyero pokwera ndi potsika.