ZIPANGIZO ZA MAGETSI ZOTSIKA MTENGO: KODI PHINDU LIRIPO?

Abale anga amene muli pa nchito ku Joni ndi m'maiko ena, ndifuna kukuuzani zimene zinandionekera ine, kuti ndarama zanu zimene mwazipeza ndi thukuta zisapite pacabe. Ambiri a ife pobwerera kumudzi timafuna kutenga makina oti tikayambire nchito yathuyathu. Maganizo amenewa ndi abwino, koma pogula pafunika nzeru.

Ine ndinagwira nchito ya zomangamanga ku Johannesburg, ndipo m'caka ca 2014 ndisanabwerere kwathu ku Balaka ndinagula makina awiri: grinder yodulira zitsulo ndi drill yoboolera matabwa. Drill ndinaigula m'sitolo, yaing'ono ndi yotsika mtengo. Grinder ndinaigula kwa munthu wa m'mbali mwa mseu pa theka la mtengo wa m'sitolo. Inali yonyezimira ndithu, koma cikomekome ca mkuyu m'kati muli nyerere.

Nditafika kumudzi mphunzitsi wina anandipatsa nchito yokonza zitsulo za m'mazenera a nyumba yace, nandipatsiratu ndarama zina. Tsiku lacitatu grinder ija inatentha kwambiri, inayamba kununkha copserera, utsi tolotolo, basi inazima. Wokonza makina ataitsegula anati waya wa m'kati wapsa ndipo cosinthira cace sicipezeka. Mphunzitsi uja anapereka nchito kwa mmisiri wina, ndipo ine ndinagulitsa mbuzi ziwiri kuti ndimbwezere ndarama zace. Manyazi amene ndinacita anaposa mtengo wa mbuzizo.

Koma taonani, drill yotsika mtengo ija inanditumikira zaka zambiri. Cifukwa cace n'ciani? Drill imaboola kamphindi n'kupumula, pamene grinder ya mmisiri imalira kuyambira m'mawa kufikira madzulo. Makina otsika mtengo amapangidwira nchito zazing'ono za pakhomo, monga kukhoma alumali kapena kukonza citseko. Ngati nchito yanu ndi yotere, gulani otsika mtengo, simudzadandaula. Koma ngati makinawo ndiwo adzadyetsa ana anu, sungani ndarama miyezi ina kuti mugule olimba, a maina odziwika monga Makita kapena Bosch, cifukwa zosinthira zace zimapezeka. Cenjerani, pakuti alipo makina onyenga olembedwa maina omwewa.

Safunsa anadya phula. Musanalipire funsani ngati mabulashi ace amagulitsidwa. Awa ndi timakala tiwiri timene tiri m'kati mwa mota, ndipo timatha monga amathera sopo. Mukaona moto wambiri ukuthetheka m'kati, asintheni msanga asanaononge mota. Makina a batire ndi othandiza pamene magetsi azima, koma kawirikawiri batire ya kampani yina silowa pa makina a kampani yina, ndipo mtengo wace ndi waukuru. Funsaninso za iyo.

Gulani m'sitolo ndi kusunga risiti. Ku South Africa lamulo loteteza ogula la m'caka ca 2008 limati katundu akaonongeka yekha isanathe miyezi 6, mungathe kumbweza kuti amkonze, amsinthe kapena akubwezereni ndarama. Cotero gulani nthawi ikalipo ndi kuyesa makinawo musanakwere basi. Munthu wa pamseu simudzampezanso.

Mphamvu ya magetsi ku Malawi ndi ku South Africa ndi imodzimodzi, 230 volts, koma mapulagi ndi osiyana: a ku Joni ali ndi miyendo yobulungira, a kwathu ya ngodya. Sinthani pulagi. Musalowetse waya wopanda pulagi m'soketi ndi kumcinjiriza ndi macesi, pakuti imeneyo ndi imfa.

Pa grinder ndinenepo mau ena. Yaing'ono ya 115 mm imazungulira pafupifupi ka 11,000 pa mphindi imodzi, ndipo disiki ikasweka zidutswa zace zimauluka ngati zipolopolo. Pa disiki pamalembedwa liwiro limene ingapirire, ndipo lisacepere liwiro la makina anu. Pa kacitsulo ka pakati pamadindidwanso mwezi ndi caka cimene disikiyo idzathere mphamvu. Cishango ca grinder musacicotse, ndipo bvalani magalasi oteteza maso. Pa zinthu izi musaumire ndarama, cifukwa diso silimeranso.

Makina ali onse, odula ndi otsika mtengo omwe, amafuna cisamaliro. Musawakanikize, alekeni adule okha. Akatentha apumuzeni, ndipo madzulo cotsani pfumbi m'mabowo olowera mphepo.

Tsopano ndiri ndi grinder yolimba imene ndinaigula nditasunga ndarama miyezi isanu, ndipo mphunzitsi uja anadzandiitananso kuti ndimkonzere cipata. Inu amene mwatsala pang'ono kubwerera kwanu, yambani mwaganiza nchito imene makinawo akagwire, pamenepo ndipo muturutse ndarama.